Cinderella wa Cisilamu m'Kalasi Mwanu

Aphunzitsi, Fawzia Gilani analembanso nthano ya Cinderella m'Cingelezi kuti igwirizane ndi Cisilamu. Mtsikanayo dzina lake ndi Zahra. Womuthandiza ndi agogo ake, osati mayi wamatsenga, ndipo phwando lake ndi la Eid. Apa wolemba anacita bwino: mwana wacisilamu adzamva za pemphero ndi cikondwerero ca kwao, anzake naonso adzaphunzirapo.

Cofooka cake n'cakuti Zahra amangopirira zonse. Mwana wa Giredi 1 amagwira msanga phunziro akaona wina akulakwa n'kukumana nazo, monga Kalulu akagwidwa pa cinyengo cake. Conco posimba nthanoyi m'Cinyanja, musafulumire kunena phunziro lake. Imani pamene Zahra watsala yekha panyumba, mufunse ana kuti, "Mukanakhala inu, mukanacita ciani?"