Mapu a pa Facebook ndi Mtunda wa ku Embangweni

Mu 2010 Lars Backstrom, Eric Sun ndi Cameron Marlow anasanthula maubwenzi a pa Facebook ku America n'kupeza kuti mwayi woti anthu awiri akhale mabwenzi umachepa mtunda wa pakati pawo ukamakula. Anaonetsanso kuti ukadziwa kumene anzake a munthu amakhala, ungathe kulosera kumene iyenso ali. Chaka chomwecho Jacob Eisenstein ndi anzake anagwiritsa ntchito mauthenga a pa Twitter poonetsa kuti mawu ena amaunjikana m'madera ena, kotero kalembedwe kako kangaulule kwanu. Masamu ake ndi abwino, sindikutsutsa. Vuto langa ndi ophunzira anzanga amene akufuna kunyamula njirazi momwe zilili n'kujambulira mapu a zinenero za ku Malawi.

Tiyeni tiziyese pa Embangweni, kumwera kwa boma la Mzimba. Njira ya Backstrom imayeza mtunda ndi makilomita. Koma Mzimba ndi dera limene amuna akhala akupita ku Joni kwa mibadwo ingapo, ndipo Jens Andersson analemba za maulendowa m'magazini ya African Affairs mu 2006. Mnyamata wa kumeneko angakhale ndi achibale ambiri ku Johannesburg, pamene ku Nsanje sadziwako munthu ngakhale mmodzi. Lundazi, ku Zambia, ali pafupi ndipo amalankhulanso Chitumbuka. Ndiye kompyutayo imuika kuti? Ikatsatira anzake, imutaya kutsidya kwa malire, mwini wake ali phee pamudzi.

Ena andiuza kuti Social Connectedness Index, imene Michael Bailey ndi anzake anaifotokoza mu 2018, imathetsa zimenezi. Pang'ono, inde. Imawerenga maubwenzi a pakati pa madera awiri poyerekeza ndi chiwerengero cha ogwiritsa ntchito Facebook m'maderawo, ndiye chingwe cha Mzimba ndi Gauteng chingathe kuoneka. Koma imaona kumene munthu ali, sidziwa kwawo. Mtchona wa ku Embangweni imamuwerenga ngati munthu wa ku South Africa basi.

Pa chinenero ndiye pali mbuna yeniyeni. Njira ya Eisenstein imatenga zolembedwa ngati chithunzi cha zolankhulidwa. Ku Embangweni chinenero cha pakhomo ndi Chitumbuka, ngakhale mafumu ake ndi Angoni a Inkosi ya Makhosi M'mbelwa. Mishoni ya Loudon, imene Donald Fraser anakhazikitsa kumeneko mu 1902, inali mbali ya Livingstonia, ndipo Livingstonia inaphunzitsa anthu kuwerenga m'Chitumbuka. Koma mu 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Zotsatira zake n'zakuti ambiri amalankhula Chitumbuka koma anaphunzira kulemba Chichewa ndi Chingerezi. Munthu yemweyo amati "yewo" pamsika, koma pansi pa nkhani ya Zodiak pa Facebook alemba "zikomo" kuti a ku Blantyre amumve. Mapu otengera ndemanga zoterozo adzanena kuti Chichewa chameza Mzimba. Chimene ayeza ndi omvera, komanso mbiri ya sukulu zathu.

Komanso Chitumbuka chambiri chimayenda pa WhatsApp, makamaka m'mauthenga a mawu, monga a maliro, a mpingo ndi a ndalama zochokera ku Joni. Zimenezo wofufuza sazifikira. Agogo opanda foni ndiye salowamo n'komwe.

Nkhaniyi si ya m'kalasi mokha. Mapu otere akafika kwa olemba mauthenga a zaumoyo kapena mabuku a sukulu, angawauze kuti kumasulira m'Chitumbuka n'kutaya ndalama. Choncho amene akufuna kulemba za zimenezi ayambe wafunsa anthu chinenero chimene amagwiritsa ntchito kwa ndani komanso pa nsanja iti, ndipo njira za ku Joni ndi ku Lundazi azilowetse m'masamu ake pambali pa makilomita.