Luso lopekera Akafula chiyankhulo

M'nthano zathu muli anthu amene tinawapatsa uta, mapanga ndi ukali, koma tinawamana chiyankhulo chawochawo. Akafula, amene ena amati Abatwa, timawakumbukira ndi funso limodzi lofuna kudziwa pamene munthu wawaonera. Woyankha kuti wawaonera kutali ankapulumuka, wonena kuti pompano ankalasidwa. Funsolo lili m'Chichewa, chiyankhulo cha alimi amene anadzadzaza dzikoli pambuyo pawo. Choncho mlembi wa ku Neno amene akufuna kulemba nthano yaitali, sewero la pa wailesi kapena kanema wa anthu aafupi okhala m'mapiri a kwa Dambe ali ndi njira zitatu: awayankhulitse Chichewa, awabwebwetse phokoso lopanda tanthauzo, kapena awapekere chiyankhulo. Njira yachitatuyi ndiyo yoyenera, koma imapindula pokhapokha chiyankhulocho chitamangidwa pa malamulo, ndipo malamulowo atayezedwa ndi khutu la munthu woyankhula Chichewa, osati la Mngerezi.

Lusoli lili ndi mbiri yake. Mu 1917 J.R.R. Tolkien analemba malamulo ndi mndandanda wa mawu a chiyankhulo chotchedwa Goldogrin kapena Gnomish, chimene anachikometsa potengera kamvekedwe ka chiyankhulo cha ku Wales, ndipo m'kupita kwa zaka chinasanduka Sindarin. Anthu aafupi okumba migodi a m'nthano zake anawapatsa Khuzdul, chomangidwa pa mitsitsi ya malembo atatu opanda liwu monga zimakhalira m'Chihebri ndi m'Chiarabu. Marc Okrand, popekera mafilimu a Star Trek chiyankhulo cha Klingon m'zaka za m'ma 1980, anayambitsa chiganizo ndi pamtherankhani, kenako mneni, mwininkhani n'kubwera kumapeto, chifukwa dongosolo limeneli n'losowa kwambiri pa dziko lapansi. Onsewa ankadziwa amene akumvetsera. Ankafunafuna chimene chingamveke chokoma, cholimba kapena chachilendo kwa munthu woleredwa m'Chingerezi. Apa ndipo pagona msampha kwa mlembi wa kuno. Mawu oyamba ndi mb, nd kapena ng', amene Mzungu amawamva ngati a kudziko la mizimu, kwa mwana wa ku Ligowe ndi mawu a pakhomo: mbuzi, ndiwo, ng'ombe. Wokopera njira za alembi akunja mosaganiza amapeza kuti alendo ake akuyankhula ngati anansi.

Tiyambe ndi kamvekedwe. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, ndipo mawu ake onse amathera pa limodzi mwa iwo. N'chifukwa chake mawu obwereka timawasula mpaka atakhala sukulu, buku ndi tebulo. Pamapeto pa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo kukweza kapena kutsitsa liwu kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Zitatuzi ndizo zitseko zolowera chilendo. Wopeka akasankha kuti mawu a Akafula ake azithera pa lembo lopanda liwu, tiyerekeze tok kapena hulem, ndi kuti mphamvu izigwera pa phatikizo loyamba, womvera azindikira asanamve tanthauzo kuti awa si anthu a m'mudzi muno. Koma pali malire. Wosewera wa pa wailesi ayenera kutha kuwatchula mawuwo mobwerezabwereza osasintha, apo ayi pakamwa pake padzawabweza ku Chichewa n'kumati toko ndi hulemu. Mmisiri wanzeru amasankha zachilendo ziwiri kapena zitatu n'kuzisunga mosaphonya, kusiyana ndi kuunjika khumi zimene palibe angazinyamule.

Ambiri angathamangire mawu odina lilime aja a ku Kalahari, poganiza kuti alenje onse akale ankayankhula chotero. Chikoka chake n'chomveka, pakuti kafukufuku wa mafupa akale a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, wofalitsidwa mu 2017, anaonetsa kuti alenje a kuno anali pachibale ndi Asani a kum'mwera komanso Ahadza a ku Tanzania. Komatu fupa silisunga chiyankhulo. Kuonjezera apo, kwa anthu a ku Neno ndi Ntcheu kudina lilime kuli ndi mwini wake kale: kumakumbutsa Chingoni cha makolo ndi Chizulu cha ku Joni. Kukuika m'kamwa mwa Kafula kungamusandutse Mngoni, zimene mlembi sanafune. Phokoso lililonse limafika kwa womvera litasenza kale mbiri, ndipo wopeka ayenera kuidziwa mbiriyo asanalibwereke.

Mtima weniweni wa lusoli uli pa malamulo a chiganizo, ndipo umboni wake tili nawo pafupi. Ana akafuna kubisira akulu nkhani amatembenuza maphatikizo a mawu. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ali ndi mawu ake a kudambwe amene wosameta sawamva. Njira ziwirizi zimabisa bwino, koma mafupa a chiganizo amakhalabe a Chichewa: magulu a mayina ndi omwewo, mgwirizano wa dzina ndi mneni ndi womwewo. Zimenezi ndi zinsinsi za m'banja limodzi, si chiyankhulo cha mtundu wina. Wopeka amene angosintha mawu okha ali ngati wopaka njereza pa khoma lakale. Mvula yoyamba imaonetsa dothi lake. Kwa ife, chinthu chachilendo koposa ndi chiyankhulo chopanda magulu a mayina, chimene sichisiyanitsa munthu ndi chinthu poyambira pa dzina, chimene chimaika mneni kumapeto. Koma kuchotsa kokha sikukwanira, payenera kulowa china chochokera m'moyo wa oyankhulawo. Chichewa chimaloza ndi uyu, uyo, uno ndi uja, poyeza kutalika ndi kukumbukira. Kuli ziyankhulo ku Himalaya ndi ku New Guinea zimene polozapo zimanenanso ngati chinthucho chili kumtunda kapena kumunsi kwa woyankhula. Anthu okhala m'zitunda za Kirk Range, oyang'ana Lisungwi ndi Shire kutsidya kumunsi, lamulo lotere lingawayenere. Aliyense amene anakwerapo kuchokera ku Zalewa kupita pa boma la Neno akudziwa kuti kumeneko mtunda suyezedwa ndi kutalika kokha.

Mawu nawo ayenera kumera m'moyo womwewo. Alenje osalima sasowa liwu la khasu, nkhokwe kapena msonkho, koma angakhale ndi mawu ambiri a uchi, a mapazi a nyama, a mitundu ya phanga ndi a utoto wofiira wonga uja wa pa miyala ya ku Chongoni ku Dedza, malo 127 amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Pamene mlembi aonetsa Kafula akusowa dzina la munda n'kuutchula mozungulira, wauza owerenga mbiri yonse ya kukumana kwa mitundu iwiri popanda kulalikira. Ndipo tili ndi chuma china chimene opeka akunja sachigwiritsa ntchito kwenikweni, ndicho mvekero. Womvera wozolowera psuu, mbuu, bii ndi zii amadziwa kugwira tanthauzo kudzera m'kamvekedwe, kotero mivekero yopeka ingakhale mlatho woti amve nkhani popanda womasulira.

Wina anena kuti uku n'kutaya nthawi, pakuti mabuku a Chichewa chenichenicho ndi ochepa, ndipo Chingoni cha kwa Gomani chatsala m'nyimbo za ngoma, m'mayina a mafuko ndi m'malonje. Dandauloli ndi lolemera, koma likulakwitsa poganiza kuti ntchito ziwirizi zimalimbirana nkhuni. Palibe angapeke chiyankhulo chosiyana ndi Chichewa asanachisanthule Chichewacho mpaka pa mitsitsi, ndipo wachinyamata amene wafunsa chifukwa chake mawu athu amathera pa lembo la liwu ndi yemweyo amene mawa adzakhala pansi ndi agogo kulemba Chingoni chotsalacho. Wina anenanso kuti owerenga sadzazindikira ngati malamulo alipo kapena ayi. Zoona, sadzawatchula, koma khutu limagwira kubwereza. Liwu limodzi likamveka pa maliro m'mutu woyamba n'kudzamvekanso litasintha pang'ono pa kubadwa kwa mwana m'mutu wachisanu, womvera amadziwa kuti kuseri kuli dongosolo, ndipo amayamba kukhulupirira anthuwo.

Chitsutso chachikulu n'chakuti Akafula sanali ngati tianthu ta m'nthano za ku Ulaya tosunga chuma pansi pa nthaka. Anali anthu enieni, anasiya zida zamiyala, zojambula ndi manda, ndipo kuwaika mawu opeka m'kamwa kungaoneke ngati kuwanamizira. Yankho lagona pa kuona mtima ndi pa khama. Mlembi anene poyera kuti chiyankhulocho n'chopeka, asachigulitse ngati chofukulidwa. Kenako aganize kuti njira zina ziwiri zija zimawachita chiyani anthuwa. Kuwayankhulitsa Chichewa n'kufafaniza kusiyana kwawo, ndipo kuwabwebwetsa n'kuwasandutsa zilombo zoseketsa ana. Chiyankhulo chokhala ndi malamulo chimakakamiza wolemba kufunsa mafunso amene timafunsa za anthu okha: ankalonjerana bwanji, ankawerenga bwanji miyezi, ankamutchula bwanji mwana wa mlongo wawo. Choncho mlembi asanalembe mutu woyamba akhale ndi kope la malembo ololedwa, la dongosolo la chiganizo ndi la mawu mazana angapo, ngakhale m'bukumo mudzangolowa ziganizo makumi awiri. Ntchito yosaonekayo ndiyo imasiyanitsa nthano yolemekeza anthu ake ndi nthano yongowagwiritsa ntchito.