Mfumukazi yomwe imamenya nkhondo ndi makutu

Anthu osaona a m'masewera a pakompyuta nthawi zambiri amakhala osaona m'dzina lokha. Kenshi wa mu Mortal Kombat, yemwe adayamba kuoneka mu 2002, amamanga kansalu kumaso, koma mizimu ya m'lupanga lake imamuonera zonse, ndipo ife osewera timapenya bwalo lonse bwinobwino. Kusaona kwake ndi chovala chabe.

The Vale: Shadow of the Crown, sewero lomwe kampani ya ku Canada ya Falling Squirrel idatulutsa mu 2021 mothandizana ndi bungwe la anthu osaona la CNIB, lidakana chinyengo chimenechi. Umakhala Alex, mwana wamkazi wa mfumu yemwe adabadwa wosaona. Adani atachita chiwembu pa ulendo wake, iye akutsala kutali ndi kwawo, ndipo womuperekeza ndi mbusa yemwe wakumana naye panjira. Pa sikirini palibe chothandiza, timadontho ta kuwala basi. Umavala mahedifoni n'kuyamba kumvetsera. Wosula zitsulo umamupeza potsata kulira kwa nyundo, mdani umamudziwa ndi mtswatswa wa mapazi ake.

Pamsika ndi pomwe seweroli limandigwira mtima. Mawu amachokera uku ndi uku, ena pafupi ena patali, ndipo umasochera mpaka khutu litaphunzira kusankha. Nkhondo zake ndiye n'zosavuta mopitirira: mdani amadzera kumanzere, kutsogolo kapena kumanja, ndipo ukazolowera umangodikira phokoso n'kutchinga ndi chishango. Makutu a munthu amachita zoposa pamenepo. Allan Namoko wa ku Thyolo sadatchuke ndi banjo yake chifukwa chodziwa kumanja ndi kumanzere.

Chomwe chimandivuta kwambiri, monga womasulira, n'china. M'sewero lokhala ndi zithunzi, yemwe sadziwa Chingerezi amathabe kutsata ndi maso. Muno mawu ndiwo dziko lonse, ndipo mawuwo ndi a Chingerezi cholankhulidwa m'makalankhulidwe osiyanasiyana. Mwana wosaona wa m'komboni ya pa esiteti ya tiyi ku Chipinge, pafupi ndi nkhalango ya Chirinda, yemwe pakhomo amamva Chichewa cha agogo ake ndipo panja amalankhula Chindau, angathe kupeza wosula zitsulo uja, koma osamva chomwe akumuuza. Kulemba mawu omasulira pansi pa sikirini sikungamuthandize. Pafunika anthu oti alankhulenso nkhani yonse, aliyense ataikidwa pamalo pake m'khutu la wosewera.

Ndipo womasulirayo adzayenera kusankha. Amene amanyoza Alex adzati “wakhungu”, mawu omwe ambiri lero amawapewa. Omukonda adzati chiyani? “Munthu wa vuto losaona” ndi mawu a pamsonkhano wa mabungwe. Mbusa sangawatchule mimbulu ikuyandikira. Ine ndingamusiye azingomuitana dzina, n'kumuuza kuti, “Ali kumanja kwanuko.”