Akuba a pafoni akutiposa Chichewa

"Ndalama ija mutumize pa nambala iyi." Ambiri a ife tinalandirako uthenga wotere pafoni. Ndikufuna tiuunike ngati ophunzira chiyankhulo, chifukwa ndikuona kuti akubawa amachidziwa Chichewa kuposa amene amatilembera machenjezo.

Mphamvu ya chiganizochi yagona pa mfotokozi woloza, "ija". "Iyi" amaloza chapafupi, "iyo" chapatali, koma "ija" amaloza chinthu chomwe awirife tikuchidziwa kale. Wakubayo satchula dzina lake kapena kuchuluka kwa ndalamayo. Wowerenga amakumbukira yekha ngongole yake: lendi, fizi ya mwana, kaya ya feteleza. Ndiye kuti bodzalo umadzimalizitsira wekha.

Akaimba foni n'kudzitcha a kubanki, luso lake n'lomwelo. Amayamba ndi "Akaunti yanu yatsekedwa." Msintho wochitidwa, -edw-, ukubisa amene watseka, ndipo munthu amangogwidwa mantha osafunsa n'komwe. Kenako amati, "Bwana, mungondiwerengerako manambala amene alowa pafoni panuwo." Taonani tizigawo ta mneniyu. -ngo- akuichepetsa nkhani, -er- akuisandutsa kachithandizo kochitira mnzako, pomwe -ko akufewetsa lamulo kuti limveke ngati pempho. Mawu oti "chinsinsi" mulibemo, ndipo si mwangozi.

Tsono machenjezo ambiri amene ndimawamva pawailesi ndi kuwerenga pafoni amati, "Musauze aliyense nambala yanu yachinsinsi." Galamala yake ilibe vuto, koma chiganizochi chili ndi mipata iwiri.

Woyamba ndi "nambala yanu yachinsinsi". Kwa ambiri, imeneyi ndi PIN ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya khadi ya ATM, yomwe anasankha okha n'kuisunga m'mutu. OTP ndi yosiyana: sunaisankhe, yangolowa kumene, ndipo pakapita mphindi zochepa imatha ntchito. Munthu saiona ngati "yake". Chimodzimodzi manambala atatu a kumbuyo kwa khadi, a CVV: chinsinsi chanji cholembedwa poonekera? Komatu zimenezi n'zomwe wakuba amafuna kuti agule zinthu pa intaneti kapena asamutse ndalama zako.

Wachiwiri ndi "aliyense". Gogo akamva mawuwa amaganiza za mlendo kapena mdzukulu wosakhulupirika. Wa kuofesi, woyankhula mwaulemu chonchija, samuika m'gulumo. Tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa umayankha.

Lamulo lokhudza zochitika pa intaneti la 2016 lilipo, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala za foni zilembetsedwe m'kaundula. Koma kaundula sakonza chiganizo. Machenjezowa amamveka ngati anaganiziridwa m'Chingerezi kenako n'kumasuliridwa, pomwe wakuba amaganiza m'Chichewa ndipo amayesa mawu ake pa anthu tsiku ndi tsiku. Chiganizo chosagwira amachitaya.

Ine ndikanalemba motere: "Nambala iliyonse yolowa pafoni panu kuchokera kubanki, komanso yolembedwa pakhadi yanu, ndi kiyi wa ndalama zanu. Ngakhale wa kubanki weniweni sangakufunseni. Akakufunsani, dulani foni, mupite nokha kubanki." Ndi chachitali, inde, koma chikutchula chinthucho m'mene munthu amachionera, chikutchulanso amene adzachipemphe.