Za Toshiro Mifune wa m'Zithunzi Zoyenda

Abale, dzina la Toshiro Mifune wa ku Japan, amene anabadwa mu 1920 namwalira mu 1997, limveka m'maiko ambiri. Ena amtama chifukwa cha lupanga, koma ife titi ukulu wake uli pakuonetsa moyo wa anthu osauka.

Anasewera m'zithunzi 16 za Akira Kurosawa. Mu Seven Samurai ya 1954 ali mwana wa mlimi wodziyesa wankhondo. Afuula, aseketsa, koma podzudzula ankhondo chifukwa chotentha midzi ndi kulanda chakudya, mawu ake alasa mtima, pakuti misozi ya alimi aidziwa. Mu Red Beard ya 1965 ali dokotala wa amphawi, waukali pakamwa, wofatsa m'manja. Amene anadikirapo wodwala pa chipatala cha St Martin's kuno ku Malindi adzazindikira msanga kulemera kwa ntchitoyo.

Tsono mu 1980 anaoneka pa wailesi ya kanema mu Shogun, ali mfumu Toranaga. Ulemu ulipo ndithu, koma nkhaniyo yaima pa mlendo wa ku England, ndipo Mifune timuona chapatali, ndi maso a mlendoyo. Chifukwa chake ofuna kumdziwa ayambe ndi mlimi ndi dokotala. Mfumu idze pambuyo.