Osema zidindo a mu Zomba

Kalata ya kwa amfumu yopanda chidindo ndi pepala chabe, kuofesi amakubwezera pakhomo. Koma ndani amakumbuka munthu amene anasema chidindocho? Mu Zomba mumamupeza pakhonde la sitolo, atawerama pakathebulo, lezala lili m'manja. Zilembo amazisema motembenuza, kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuti zikadindidwa ziwerengeke bwino. Amakokota labala yense wosafunika n'kusiya timizere topyapyala tonyamula inki. Lezala likangoterereka, chilembo chaduka, ntchito yonse yayambikanso.

Luso lomweli ndi limene linatchukitsa Katsushika Hokusai wa ku Japan, amene anabadwa mu 1760 n'kumwalira mu 1849. Zithunzi zake zotchuka za phiri la Fuji iye ankangozijambula papepala. Amisiri ena ndiwo ankazisema pamatabwa, mtundu uliwonse thabwa lakelake, ulemu n'kupita kwa wojambula.

Masiku ano zidindo zapamakina zikuwalanda msika amisiri athuwa, ndipo n'zomvetsa chisoni. Ine ndikanakonda mmodzi atagwirizana ndi osema ziboliboli a ku Ku Chawe, aseme damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams pathabwa, azidinda pamapepala n'kumagulitsa kwa alendo okwera phiri la Zomba.