Kusanthula chikalata cha supercharger ya Honda CR-Z

Mu Ogasiti 2014, kampani ya Honda ku America inatulutsa chikalata chachifupi cholengeza kuti nthambi yake ya mipikisano, Honda Performance Development, yomwe ambiri ankangoitcha HPD, yayamba kugulitsa supercharger ya kagalimoto kake ka CR-Z. Zikalata zotere anthu saziwerenga kawiri. Olemba nkhani zamagalimoto amangotolamo nambala yaikulu ndi mtengo, zotsalazo n'kuzisiya. Koma ichi n'chofunika kuchikhalira pansi, chifukwa m'mizere yake yochepa muli yankho la funso limene limavutitsa okonda kusintha magalimoto: kodi galimoto ya hybrid, imene anaipanga kuti izimwa mafuta pang'ono, ungaipatse liwiro popanda kuiwonongera khalidwe lake?

CR-Z inayamba kugulitsidwa ku Japan mu Febuluwale 2010. Ili ndi injini ya petulo ya malita 1.5, ndipo pakati pa injiniyo ndi giyabokosi pali mota yamagetsi yopyapyala imene imathandizira kupukusa. Honda amatcha dongosolo limeneli IMA. Inali hybrid yoyamba kukhala ndi magiya 6 osintha ndi dzanja, ndipo maonekedwe ake ankakumbutsa anthu CR-X, kagalimoto kopepuka kamene kanatchuka m'zaka za m'ma 1980. Inapata mphoto ya Japan Car of the Year ya 2010–2011, komabe dandaulo linali limodzi kulikonse: thupi ndi la galimoto yothamanga, koma mphamvu ndi ma horsepower (hp) 122 okha. Pa galimoto za 2013 Honda anachotsa batire la nickel n'kuika la lithium, mota anaikweza kuchoka pa 10 kW kufika pa 15 kW, mphamvu yonse n'kufika ma hp 130. Dandaulo lija silinathe. Chikalata cha HPD chinabwera kudzaliyankha.

Manambala amene chimaonetsa ndi awiri. Mphamvu ikukwera kuchoka pa ma hp 130 kufika pa 197. Torque, kutanthauza mphamvu yopotokola imene imakukankhira kumsana kwa mpando ukaponda moto, ikukwera kuchoka pa 140 lb-ft kufika pa 176. Maso amathamangira pa 197, koma nkhani yeniyeni imaoneka ukaika manambala awiriwa pamodzi. Mphamvu yakwera ndi theka, pamene torque yangokwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kusiyana kumeneku sikunangochitika. Hp imapezeka pochulukitsa torque ndi liwiro limene injini ikuzungulira, n'kugawa ndi 5,252. Ukawerengetsa chobwerera m'mbuyo, injini imene torque yake sipitirira 176 singafike ma hp 197 isanazungulire pafupifupi ka 5,900 pa mphindi (rpm). Ndiye kuti mphamvu yatsopanoyi imakhala kumwamba kwenikweni, pafupi ndi mzere wofiira wa geji. Woyendetsa amene amasintha giya singano ili pa 2,500 sadzakumana nayo, ngakhale atalipira ndalama zonse.

Chifukwa chake chili mu mtundu wa supercharger imene HPD anasankha. Supercharger iliyonse imagwira ntchito ya mvukuto wa wosula makasu: imakankhira mpweya wochuluka pamoto kuti motowo ukolere kwambiri. Imasiyana ndi turbo chifukwa siyendera utsi wa ku ekisozi, imayendetsedwa ndi lamba wochokera ku injini. Koma ma supercharger ali mitundumitundu. Ena amakankha mpweya wofanana pa kuzungulira kulikonse, motero amapereka mphamvu injini ikangoyamba kukwera. Ya HPD ndi ya mtundu wa centrifugal, yopangidwa ndi kampani ya Rotrex ya ku Denmark. Mkati mwake muli kafani kamene kamazungulira mofulumira koposa injini, ndipo mpweya umene kamapanikiza umawonjezeka pamene injini ikukwera. Pansi kamakhala ngati kagona, pamwamba ndi pamene kamadzuka.

Pa galimoto wamba, kufooka kwa pansiku kukanakhala chilema. Pa CR-Z si choncho, ndipo apa ndi pamene chikalatachi chikunena zambiri mwa kusatchula kanthu. Mu mndandanda wa zipangizo mulibe chilichonse chokhudza mota yamagetsi kapena batire. Zonsezo azisiya mmene zinachokera ku fakitale. Wina angaganize kuti HPD ananyalanyaza mbali ya hybrid, makamaka poona kuti ma hp 20 a motayo tsopano ndi gawo limodzi chabe mwa magawo khumi a mphamvu yonse. Koma mota yamagetsi mphamvu yake yopotokola imaipereka yonse ikangoyamba kuzungulira. N'chifukwa chake CR-Z ya 2013 yosasinthidwa imafika pachimake pa torque yake pakati pa 1,000 ndi 2,000 rpm, malo amene injini yaing'ono ya petulo imakhala isanatenthe n'komwe. Mota ili ndi mphamvu pomwe supercharger ilibe, ndipo supercharger imayamba pomwe mota ikulekezera.

Taganizirani galimotoyi ikutuluka pakona yothina, ili mu giya yachiwiri, singano ili pa 1,500. Woyendetsa akaponda moto, timizere ta pa dashibodi tosonyeza thandizo la batire timadzaza, ndipo galimoto imanyamuka nthawi yomweyo popanda kudikira. Singano ikadutsa 3,000, thandizo la mota limayamba kuchepa mphamvu poyerekeza ndi injini, koma kumeneko kafani kaja kafika pa liwiro lake, kulira kwake kopyapyala kukumveka pansi pa boneti. Kuchokera pamenepo mpaka pa mzere wofiira, kukankha kumangowonjezeka. Woyendetsa samva polumikizira. Amene anasankha centrifugal anali atawerenga bwino galimoto imene ankaisintha, ndipo sanafune kugula ndi ndalama chinthu chimene batire linali kupereka kale.

Mndandanda wa zipangizo nawo uli ndi phunziro lake. Kupatula supercharger yeniyeniyo, muli intercooler, mainjekita otulutsa mafuta ambiri, sefa ya mpweya ndi pulogalamu yatsopano ya kompyuta ya injini. Palibe chokongoletsa pamenepa. Chilichonse chikuzimitsa moto umene chinzake chayatsa. Mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo mpweya wotentha umachititsa petulo kuphulika nthawi yake isanakwane, zimene zimamenya mapisitoni mpaka injini kunoka. Intercooler, imene imakhala kutsogolo komwe mphepo imawomba, imaziziritsa mpweyawo usanalowe. Mpweya ukachuluka umafuna mafuta ochuluka, apo ayi injini imayaka mouma n'kutenthetsa, ndiye mainjekita akale sangakwanitse. Ndipo kompyuta imene inaphunzitsidwa injini yopuma yokha iyenera kuphunzitsidwanso kuchuluka kwa mafuta ndi nthawi yoyatsira mapulagi. Wochotsapo chimodzi kuti mtengo utsike wagula injini yatsopano osadziwa.

Mtengo umene unalengezedwa unali madola 5,495, osawerengera ndalama yomangira. Pambali pake HPD ankagulitsanso klatchi yolimba, difu ya limited-slip, mashoko ndi masipuling'i otsitsa galimoto, mabuleki aakulu ndi marimu a mainchesi 18. Zimenezi zinali zogula padera, koma wowerenga mosamala amaona kuti n'zotsatira za nambala ija ya 197. CR-Z imakoka ndi matayala akutsogolo, omwewonso ndi amene amakhota. Ukaponda moto pakona, tayala la mkati limapepuka n'kuyamba kupalasa pachabe, ndipo difu ya limited-slip imatumiza mphamvu ku tayala lomwe lagwira msewu. Klatchi imene inapangidwira 140 lb-ft imatha msanga ikamanyamula 176 tsiku ndi tsiku. Galimoto yofika msanga pa liwiro lalikulu imafunanso mabuleki oti aiimitse. Mtengo weniweni wa mphamvu ndi wa mndandanda wonsewo.

Mbali imene ndimailemekeza koposa m'chikalatachi ndi ya malire. Ali anayi. Zipangizozi ndi za galimoto za 2013 ndi 2014. Ndi za galimoto ya magiya a pamanja yokha, osati ya otomatiki ya CVT. Galimoto ikamangidwa imakwaniritsabe muyezo wa utsi wa SULEV wa ku California, umodzi mwa miyezo yokhwima kwambiri imene inalipo nthawi imeneyo. Ndipo ikamangidwa ndi wogulitsa wovomerezeka wa Honda, waranti ya injini ndi giyabokosi ya zaka 5 kapena mamailosi 60,000 inkapitirira. Wofuna kugulitsa zambiri sakonda kulemba malire, chifukwa malire alionse amabweza ogula ena. Apa HPD anabweza eni onse a galimoto za batire lakale, n'kubwezanso onse a otomatiki. CVT imatumiza mphamvu kudzera pa lamba wachitsulo wopanidwa pakati pa mapule, ndipo lambayo ali ndi polekezera. Ngakhale ku fakitale, torque ya CR-Z ya CVT anaisiya pa 127 lb-ft pamene ya pamanja inali 140. Kampani imene inachepetsa torque pa giyabokosi imeneyo isanaikepo supercharger sikanalola 176 kudutsa pomwepo.

Za utsi ndi waranti ndiye zimapereka tanthauzo ku nambala yaikulu ija. Makaniko waluso aliyense angathe kufinya injini ya malita 1.5 kuti ionetse ma hp 200 pa makina oyezera tsiku limodzi. Chovuta ndi kuifikitsa pamenepo utsi wake uli woyera, ikulira bwino m'mawa kukuzizira, ndipo wopangayo ali wokonzeka kulipira yekha ikawonongeka m'zaka zisanu. Ma hp 197 si malire a zimene chitsulocho chingapirire kamodzi. Ndi pamene mainjiniya anaona kuti angaimirire kumbuyo kwa ntchito yawo ndi ndalama zawo. Malire a utsiwo akusonyezanso kuti sanaiwale chifukwa chimene CR-Z inabadwira. Galimotoyi imakhalabe ndi mabatani ake atatu a Sport, Normal ndi Econ, imazimabe yokha pa maloboti, ndipo ukamatsetsereka phiri mota imasanduka jenereta n'kumadzaza batire.

Pali chinthu chimodzi chowawa chimene chimaoneka ukayang'ana chaka chimene chikalatachi chinatuluka. HPD, ya ku Santa Clarita ku California, inali nthambi imene inkapanga injini za mipikisano ya IndyCar, choncho luso silinkasowa. Ku Japan, kampani ya Mugen inali itatulutsa kale CR-Z ya supercharger yotchedwa RZ mu 2012, magalimoto 300 okha. Mu 2013, CR-Z GT ya Team Mugen inatenga ukatswiri wa gulu la GT300 mu mpikisano wa Super GT. Zonsezi zinasonyeza zimene dzina la CR-Z likanatha kukhala. Koma kwa wogula wamba yankho linafika patatha zaka zinayi galimoto ili pamsika, ngati chinthu chogula padera pa mtengo wokwera, ndipo mu 2016 Honda anasiya kupanga CR-Z. Chikalatachi ndi umboni woti galimoto imene anthu ankaipempha inali yotheka, kungoti sinachoke ku fakitale ili choncho.

Kwa ife amene magalimoto athu ambiri amachokera ku Japan atagwirako kale ntchito, malire aja ndi ofunika kuposa nambala ya 197. CR-Z ya ku Japan imadziwika ndi zilembo za pa chasisi: ZF1 ndi ya batire la nickel ndi mota ya 10 kW, pamene ZF2, imene inayamba kumapeto kwa 2012, ndi ya lithium ndi mota ya 15 kW. Zipangizo za HPD anazikonzera galimoto za ku America za mtundu wachiwiriwu, ndipo waranti ija inali ya kumeneko. Chachikulu koposa ndi msinkhu wa batire. CR-Z yomaliza kupangidwa ndi ya 2016, ndipo zambiri ndi zakale kuposa pamenepo. Taona kuti nzeru yonse ya supercharger ya centrifugal pa galimotoyi yatsamira pa mota yodzaza mpata wa pansi. Batire likatopa, thandizolo limatha msanga, ndipo mwini galimoto amatsala ndi injini yaing'ono yofooka ponyamuka imene ikupukusanso supercharger ndi lamba wake. Wofuna kusintha CR-Z ku Lilongwe kapena ku Lusaka ayambe wayezetsa batire, aone giyabokosi imene ali nayo, kenako mabuleki ndi matayala. Mpweya wowonjezera ubwere pomaliza.

Chikalata cha HPD chikuyankha kuti inde, hybrid ingapatsidwe liwiro osataya khalidwe lake, koma pokhapokha wosinthayo atayamba wamvetsa ntchito imene mbali iliyonse ikugwira kale, n'kuwonjezera pokhapo pamene pakuperewera. Muyezo umenewu ndi woyenera kuugwiritsa pa aliyense wolonjeza mphamvu, kaya ndi kampani yaikulu kaya makaniko wa pagalaja. Akatchula nambala, afunsidwe kuti nambalayo ikupezeka pa rpm yanji, ndi zipangizo ziti zimene zikuteteza injini, ndi galimoto iti imene iye angakane kuigwira, ndiponso ndani adzalipire ikanoka. Wotha kuyankha mafunso anayiwa ndi amene ayenera kupatsidwa makiyi.